Tsiku Lomwe Ndinafufuta Dzina la Seva

Amayi anga, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo, kupatula chimfine chomwe chikuyenda khomo ndi khomo monga mwa chizolowezi chake mwezi uno wa Meyi. Ndikulemba ndili pakhonde panu ku Lirangwe, Lamlungu masana, titaweruka kutchalitchi. Yakwana miyezi isanu ndi inayi chitisiyireni, ndipo nkhani zaunjikana moti ndikusowa poyambira. Ndiyamba ndi za kumunda, poti ndikudziwa kuti mukanakhalapo simukanandilola kukhala pansi ndisanakuuzeni zimenezo.

Chimanga tapeza, koma si monga mwa masiku anu. Mvula inadula milungu itatu mu Januwale chimanga chili m'mawondo, kenaka inabwera yonse pakamodzi. Nkhokwe yalekeza pakati. Achimwene a Yohane akuti vuto ndi mvula, ine ndikuti vuto ndi kupalira mochedwa, ndipo tonse awiri tikudziwa amene inu mukanamuikira kumbuyo. Nandolo ndiye akuoneka bwino. Mbewu ya chimanga chanu chamakolo tasankha kale, ndipo tachita monga munkachitira: ina tapachika m'khitchini mwanu, ina ndakasiya kwa mayi aang'ono ku Kuntaja. Munkati mbewu sigona nyumba imodzi. Mbuzi yanu yamakani ija inaswa ana awiri, onse otengera mayi wawo, moti aneba atopa nako kudzadandaula za masamba awo a maungu.

Nkhani yaikulu ndi yakuti muli ndi mdzukulu wina. Mng'ono wanga Aginesi anachira mu Febuluwale, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Tiyamike. Ali ndi chibwano chanu, ndipo akakwiya amatseka diso limodzi monga munkachitira tikabwera mochedwa kuchokera kuchigayo. Ndikamunyamula mtima umandiwawa, Amayi, chifukwa munkamudikira mwana ameneyu ndipo munasoka kale timatewera. Timatewera tanuto ndi tomwe akuvala.

Tsiku lomwe Tiyamike anabadwa ndi lomwenso ndinapalamula kuntchito, ndiye nkhani ziwirizi sindingazilekanitse. Ya kuntchitoyi sindinauze aliyense pakhomo pano mpaka posachedwa. Ndikuuzani yonse, ngakhale ndikudziwa kuti ntchito yanga simunaimvetse n'kale lonse. Paja kumvano munkauza anzanu kuti Elube amakonza mawailesi a ndege ku Chileka, ine n'kumangovomera poopa kukuchititsani manyazi.

Si mawailesi a ndege, Amayi. Kampani yathu ndi ya anthu asanu, ili pafupi ndi msewu wopita ku bwalo la ndege, ndipo timasamalira makompyuta a makampani ena. Makamaka timasamalira makompyuta akuluakulu otchedwa maseva, omwe amakhala m'chipinda chozizira n'kumatumikira makompyuta ena onse a mu ofesi. Seva iliyonse ili ndi dzina lake lochokera nalo kufakitale, ndiye kuti mtundu wake ndi nambala yaitali yomwe ina iliyonse ilibe. Dzinali linalembedwa m'katchipi kochepa ngati njere ya nyemba, komwe kali pa bolodi yaikulu m'kati mwake. M'sevamo mulinso kakompyuta kena kakang'ono komwe ntchito yake ndi kuyang'anira inzake yaikuluyo, kuona ngati yatentha, ngati fani yaima, ndi zina zotero. Kakompyuta koyang'aniraka kamatenga dzina lija n'kukalisunganso pena, m'katchipi ka kutsogolo pomwe pali batani loyatsira. Ndi nzeru yanu yomwe ija ya mbewu. Bolodi ikafa n'kuikamo yatsopano, yomwe imabwera yopanda dzina, kakompyutako kamatenga dzina losungidwa kutsogolo lija n'kulilemba pa bolodi yatsopanoyo, seva n'kudzuka ikudzidziwa.

Zonsezi anandiphunzitsa ndi a Mpaso, mkulu wa ntchito kwathu. Munawaonapo kamodzi, abambo aatali a imvi aja omwe anabwera ndi nkhuni pa njinga tsiku la maliro a Ababa. Iwo ndi amene anandinenerera ntchito nditangochoka kukoleji, n'kumandinyamulitsa chikwama cha zipangizo zaka ziwiri zathunthu. Atsala ndi zaka ziwiri kuti apume. Maso ayamba kuwavuta, ng'ala ikubwera, ndipo abwana athu akhala akung'ung'udza za maso amenewa kwa nthawi ndithu.

Mvula yaukali ya mu Febuluwale ija inabwera ndi mphenzi, ndipo mphenzi ina inatentha bolodi ya seva ya kasitomala wathu wamkulu, kampani yokonza mapepala a katundu wobwera pa ndege. Bolodi yatsopano yoitanitsa kunja ikanatenga mwezi. Abwana anati tisadikire, tichotse bolodi mu seva ina yofanana nayo yomwe inangokhala m'stolo mwathu, yogula kwa kampani ina yomwe inatseka. Tsikulo a Mpaso anali ndi tsiku lawo kuchipatala cha maso m'tauni, ndiye anandituma ndekha. Poti kumeneko ndinalibe pasiwedi yangayanga, anandipatsa yawo.

Ntchito ndinaigwira bwino, musaganize kuti mwana wanu ndi wosadziwa. Ndinamasula, ndinapukuta, ndinaika bolodi, mawaya onse m'malo mwake. Ndikumanga sikulu yomaliza, foni inalira. Anali alamu, amuna a Aginesi, akuti matenda ayamba ndipo anamwino akuti mwana sanakhale bwino, akuwatumiza kuchipatala chachikulu. Amafunsa kuti adzamudikirire ndani. Funso limenelo kale silinkafunsidwa pakhomo pano, chifukwa inu mumakhala mutamanga kale chitenje m'chiuno ndi fulasiki m'manja. Tsopano anthu onse anali kuyang'ana ine.

Ndinayatsa seva chikwama chili kale paphewa. Kakompyuta koyang'anira kaja kanaima n'kundiuza kuti kapeza maina awiri osiyana. Pajatu bolodi ija sinali yatsopano, inali ya kaunjika, inabwera ndi dzina la kwawo. Ndiye kanandifunsa kuti loona ndi liti, la pa bolodi kapena losungidwa kutsogolo. Masiku onse la pa bolodi ndiye limakhala loona, linalo limangotsatira, ndipo chala changa chinazolowera choncho. Manambala onse awiri ankayamba ndi zilembo zofanana. Ndinasankha la pa bolodi, ndinavomera kachiwiri pomwe kanandifunsa ngati ndatsimikiza, ndipo ndinathamangira minibasi. Munkati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma tsiku limenelo mawu anu ndinawakumbukira minibasi itafika kale pa Kameza, panjira ya kuchipatala, ndipo ngakhale pamenepo sindinadziwe kuti ndalakwa.

Zomwe ndinachita n'zakuti ndinauza kakompyutako kuti katenge dzina lachilendo n'kulilemba pamwamba pa dzina lenileni. Malo okhawo omwe dzina loona linatsala ndinawafufuta ndi chala changa.

Aginesi anachira bwinobwino usiku womwewo, atamuchita opaleshoni. Ine ndinakhala naye masiku atatu, kumuphikira phala, kuchapa, kukangana ndi azimayi ena pa mpopi. Nditabwerera kuntchito ndinapeza kwatentha. Seva inali kuyaka, koma pulogalamu yomwe makasitomala athu amakonzera mapepala inali kukana kutseguka, chifukwa laisensi yake inamangiriridwa pa nambala yeniyeni ija. Kwa pulogalamuyo, iyi inali seva ya eni ake. Ogulitsa pulogalamu, omwe ali kunja, anati tiwauze nambala yeniyeni ndiye atithandize, iwo sapereka nambala kwa munthu wongoimba foni. Kasitika ka nambala komwe kamakhala kutsogolo kanathyoka kalekale posamuka ofesi, ndipo mapepala ogulira palibe amene ankadziwa komwe ali. Anthu khumi ndi awiri anali kulemba mapepala pamanja, katundu ataunjikana, mwini kampani akuimbira abwana athu ola lililonse.

Kakompyuta koyang'anira kaja kali ndi kaundula, kamalemba amene walowa, nthawi yake ndi zomwe wachita. Abwana atatsegula kaundulayo anapeza dzina la a Mpaso, poti pasiwedi inali yawo. Jobu khadi nayonso, pepala losonyeza amene wagwira ntchito, anasainira ndi iwo m'mawa wa tsikulo, pondikhulupirira. Abwana sanafunsenso zambiri. Anati izi ndi zomwe akhala akunena, munthu wosaona bwino sangasiyanitse manambala awiri, ndipo a Mpaso apume kumapeto kwa Malichi. A Mpaso anangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

Ine ndinali pomwepo, Amayi. Ndinaimirira pafupi ndi chitseko, lilime lili gwa. Ndipo choipa kwambiri sichimenecho. Madzulo ake abwana anandiitana ndekha n'kundiuza kuti udindo wa a Mpaso ukhala wanga, pamodzi ndi njinga yamoto ya kampani. Ndinathokoza. Ndikulemba mawu amenewa dzanja likuchita manyazi, koma ndinathokoza. Panjira ndinkadziuza kuti ndi njinga ndizibwera ku Lirangwe Loweruka lililonse osadikira minibasi kudzaza pa Lunzu, ndizidzaona Aginesi ndi mwana, munda wanu sudzapaliridwanso mochedwa. Mwaona mmene ndinakulowetserani inu m'bodza langa.

Masiku asanu ndi anayi ndinakhala chete. A Mpaso ankabwera m'mawa monga mwa masiku onse, kundipatsa moni, kundifunsa za mwana wa Aginesi, ndipo tsiku lina anabweretsa kasopo ka mwanayo kuchokera kwa akazi awo. Ndikanakonda akanandikalipira.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, pofuna waya m'stolo, ndinaona bolodi yopsa ija ili m'katoni ya zotaya. Mphenzi inatentha mbali imodzi yokha, komwe kumalowera waya wa netiweki. Katchipi ka dzina kali mbali inayo, ndipo kankaoneka bwinobwino. Ndinaikulunga m'chitenje, ndipo Loweruka ndinabwera nayo kuno kwa achimwene a Yohane.

Muyenera kuwaona ana anu oyamba masiku ano. Kashedi kawo kokonzera mafoni pamsika akakuza, aikamo benchi ya makasitomala, ndipo akukonzanso ma TV ndi malaputopu. Kulankhula ndiye sikunachepe. Ataiona bolodiyo anayamba kundiseka kuti a koleji abwera kudzagwada kwa a Fomu Thuu, ndipo anaitana ogulitsa tomato oyandikana nawo kuti adzakhale mboni. Koma atagwira ntchito anakhala chete, zomwe sindinazionepo chibadwire. Anatenthetsa ndi kachipangizo kawo kouzira mpweya wamoto, n'kunyamula katchipiko ndi kopanira, mkono osanjenjemera mpang'ono pomwe. Anakaika m'kowerengera komwe amagwiritsa ntchito pa ma TV, n'kulumikiza ku laputopu. Panatuluka zilembo zambirimbiri zopanda mutu, ndipo pakati pake, nambala yathu ili phee. Ndinailemba papepala, padzanja, ndi m'foni, ndipo achimwene ndinawalembetsanso pakhoma la shedi yawo. Ndinalira pamsika, anthu akuona. Achimwene anaganiza kuti ndi chimwemwe, n'kundigulira fanta.

Lolemba m'mawa ndinapita ndi a Mpaso kwa kasitomala uja. Ndinalowa m'kakompyuta koyang'anira, ndinalemba nambala yeniyeni pa bolodi, ine ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi mokweza, iwo akuvomera. Kenaka tinakauza kuti kakasungenso kutsogolo, ndipo tinaona ndi maso kuti malo onse awiri akunena chimodzi. Titayatsanso, pulogalamu inatseguka. Atsikana a mu ofesimo anaombera m'manja ngati pa chinkhoswe.

Pobwerera tinayenda wapansi m'mbali mwa mpanda wa bwalo la ndege, dzuwa la ku Chileka likuwotcha monga mukulidziwira. Ndinawauza a Mpaso kuti ndikukanena zoona kwa abwana. Anaima. Anati ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, nanga tsikulo iwo sanali pamzere wa kuchipatala? Akanafuna kudziyeretsa akanangoonetsa kabuku kawo ka kuchipatala. Anati pasiwedi anapereka okha, jobu khadi anasaina okha osayang'ana, ndiye mlandu ndi wawo ndithu. Kenaka ananena mawu omwe sindidzawaiwala.

"Iwe Elube, ine zaka zanga zatsala ziwiri, iwe zako makumi atatu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Seva yadzuka, nkhani yatha, tseka pakamwa."

Apa ndiye zinandivuta kuposa poyamba. Munatilera kuti mkulu akalankhula sitibweza, ndipo munatileranso kuti tisadye za mnzathu iye akuona. Sindinaganizepo kuti ziwirizi zingadzakumane panjira imodzi n'kukana kupatukirana. Ndinalakalaka mukanakhalapo kuti ndikwere minibasi, ndidzakupezeni mukusenda chinangwa, ndikufotokozereni, inu mundiyankhe ndi funso monga mwa khalidwe lanu. Ndinayesa kuganiza funso lomwe mukanandifunsa. Ndikuganiza kuti mukanangoti, kodi njingayo uzidzaiimika pati ukabwera kuno, pakhomo panga?

Lachiwiri lililonse timakhala ndi msonkhano wa tonse asanu. Abwana anayamba ndi kundiyamikira kuti ndapulumutsa kampani, n'kunena kuti izi zikuonetsa kuti sanalakwe posankha wolowa m'malo. Ndinaimirira. Ndinanena kuti amene anasintha bolodi ndine, amene anasankha dzina lolakwika ndine, a Mpaso anali kuchipatala ndipo pasiwedi yawo ndinali nayo ine. Ndinanenanso kuti ndinakhala chete masiku asanu ndi anayi ndikudziwa, ndipo udindo ndinauvomera ndikudziwa. Mbali yomalizayi ndi yomwe inali yolemera kuitulutsa. A Mpaso anayang'ana pawindo.

Abwana anakalipa, ndipo sindiwadandaula. Anandipatsa kalata ya chenjezo lomaliza. Udindo uja anaubweza, njinga sindinaikwereko n'kamodzi komwe, ndipo kwa chaka chathunthu sindiloledwa kutsegula seva ndili ndekha. A Mpaso nawo anadzudzulidwa chifukwa chobwereketsa pasiwedi, koma zopuma mu Malichi zinathera pomwepo. Akhala mpaka zaka zawo zikwane, adzatsanzikidwe ngati munthu, osati kuchoka ndi mbiri yoti kusaona kwawo kunapweteketsa kampani. Tsopano aliyense ali ndi pasiwedi yake, ndipo tili ndi buku lachikuto cholimba momwe timalemba dzina la seva iliyonse tisanaigwire, lina ku ofesi, lina kwa kasitomala. Choseketsa n'chakuti munthu amene anaikidwa kuti azindiyang'anira chaka chonsechi ndi a Mpaso omwewo. Ndabwerera pa chikwama cha zipangizo, pa msinkhu wanga uno.

Koma anandikwiyira, Amayi, kukwiya kwenikweni. Milungu iwiri sanandilankhule kupatula za ntchito. Akafuna chipangizo ankangotambasula dzanja, ine n'kumalota kuti akufuna chiti. Moni ankayankha ndi mutu. Zinandipweteka kuposa kalata ya abwana, chifukwa chichokereni Ababa, munthu amene ndinkamuona ngati bambo ndi iwowa, ndipo ndinkaopa kuti pofuna kuwapulumutsa ndawataya. Ndinkadzifunsa ngati sindinangofuna kupeputsa mtima wanga, iwo n'kuwalanda mphatso yomwe anafuna kundipatsa.

Aginesi nditamuuza anandinena kuti ndine chitsiru, njinga yamoto si chinthu chokana. Kenaka anandipatsa mwana kuti ndimunyamule, n'kunena kuti ndayamba kufanana nanu ndipo zikumuopsa. Achimwene a Yohane anangoti nambala ija safufuta pakhoma, azidzaonetsa adzukulu.

Lachisanu lina kumayambiriro kwa Epulo, tinali m'chipinda chozizira cha kasitomala wina, awiriwiri. Ndinali nditagwada ndikuwerenga nambala mokweza, iwo akulemba m'buku. Nditamaliza sanatseke bukulo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anafunsa ndi mawu otsika.

"Kodi iwe, makani amenewa, anakulera ndani?"

Ndinawauza dzina lanu, lonse, ndi la kwanu komwe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anaphonya maliro anu chifukwa cha ntchito, ndipo akufuna adzaone pomwe munagona, adzakudandaulireni pamaso kuti mwana wanu samva za akulu. Abwera ndi akazi awo mwezi wamawa, tsiku lolambula kumanda. Ndawauza kuti akonzeke, chifukwa inu mlandu wa mwana wanu simunaugonjepo.

Dzuwa lapendeka, ndipo ndiyenera kukagwira minibasi isanayambe kuvuta. Tiyamike wadzuka, akulira m'nyumba mwanu, ndipo Aginesi akundiitana kuti ndidzamutsanzike. Ndimakusowani tsiku lililonse, Amayi, makamaka ndikalakwa. Ndikulonjeza kuti zaka ziwiri zatsalazi ndidzakhala maso a a Mpaso, nambala iliyonse ndizidzawawerengera mokweza popanda wina kudziwa kuti saiona, mpaka tsiku lomwe adzatuluke pa geti paja ndi ulemu wawo wonse. Mupereke moni kwa Ababa, muwauze kuti wailesi yawo ikulirabe.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Elube